Dzuwa la Achimwene

Achimwene anga anatsika sitima pa Entre Lagos kumayambiriro kwa Junyu, mphepo ya mwera itayamba kale kung'amba milomo ya ana. Ine ndinali pamalo panga pa masiku onse, pafupi ndi sitasau, siteshoni ya sitimayo, ndikuyala matemba ndi makumba ouma pa chiguduli. Ndinaona munthu wovala zoyera zokhazokha, wa ndevu zaimvi, mikanda ili m'khosi, akuyenda pang'onopang'ono ngati akuopa kuponda nyerere. Ndinayesa ndi shehe wochokera kutali. Atafika pamaso panga anaika dzanja pachifuwa, natsinzina, nati, "Mlongo wanga, ndikuona kuwala mwa iwe."

Mawu ndi amene ndinayamba kuwazindikira, nkhope pambuyo. Ndinati, "Kuwalako ndi mafuta a nsomba, achimwene. Mwabwera?"

M'mimba mwa amayi athu tinatsala awiri, iwo ndi ine. Tinakulira ku Malawi kumene tinathawira nkhondo, ndipo mtendere utabwera tinabwerera kwathu ndi amayi, mapoto ali pamutu. Achimwene anakakwatira m'mudzi wina wa njira ya ku Chiuta, kwa mkazi wofatsa, mlimi wa mpunga, mlamu wanga. Anabereka naye ana atatu. Tsiku lina anati akupita ku Nampula kukagwira ntchito kuti adzagule malata. Denga limenelo mlamu wanga analifolera yekha ndi udzu chaka ndi chaka mpaka mwana wachisamba anamera ndevu. Malata sanafike, mwini wakenso sanafike. Tinkangomva kwa anthu a m'sitima kuti ali ku Nacala, kenako kuti ali cha ku Pemba, akuphikira azungu pa nyumba ina ya alendo m'mphepete mwa nyanja yamchere. Mwana wawo wamkazi anamwalira pobereka. Tinatumiza uthenga, yankho linali lakuti ntchito yachuluka. Amayi athu anamwalira akufunsa ngati sitima yafika. Tinatumizanso uthenga, yankho linali lomwelo.

Ndiye munthu wotereyu n'kubwera kudzaona kuwala mwa ine.

Komabe chibale ndi fupa, sichiola. Ndinapita nawo kwanga. Amuna anga, omwe amakonza njinga pamsika, anasuntha matumba a mpunga m'kachipinda kakuseri n'kuwayalira mphasa. Ine ndinkadikira kuti kukacha adzati, "Ndiperekeze kumanda a amayi," kapena, "Tiitane ankhoswe tipite kwa mlamu wako." Ayi ndithu. Ankadzuka m'mamawa, n'kukhala pabwalo atapinda miyendo, n'kumamenya kambale kamkuwa ndi kamtengo. Kankalira ngiii, mpaka nkhuku zinkasiya kutola n'kumawayang'ana. Ndikangotchula za amayi ankandidula mofatsa, kufatsa kuja kopsetsa mtima kuposa kukalipa.

"Zakale kulibe, mlongo. Chimene chilipo ndi lero basi."

Anatiuzanso kuti anasiya kudya chinthu chokhala ndi maso. Pano! Chilwa uku, Chiuta uku, m'nyumba ya mkazi wogulitsa nsomba. Ndinawaphikira nkhwani ndi nandolo. Lamulo limenelo linafa tsiku limene ndinaphika mlamba wowamba ndi tomato ndi anyezi. Anaununkhiza, nameza malovu, nati mlamba maso ake ndi aang'ono kwambiri, sauona kwenikweni.

Nkhani ya dzuwa anaiyamba masana ena titangotha kudya. Anatenga lalanje, nalipendeketsa, nauza amuna anga kuti akhale chete, dazi lawo likhale dzuwa. Anazungulitsa lalanje lija kuzungulira mutu wa amuna anga.

"Dziko limayenda litapendekeka chonchi. Pa 21 Junyu dzuwa limafika kumalekezero a ulendo wake kumpoto. Usana umafupika kuposa masiku onse, kenako limatembenuka kubwerera kwa ife. Dzina lake ndi solisitisiyu."

Amuna anga anati, "Zoti usiku watalika tikudziwa, alamu, bulangeti limatiuza. Ndiye titani?"

"Tichite mwambo."

Anafotokoza kuti kumene ankagwira ntchito kuja, alendo ankasonkhana tsiku limeneli kusanache, n'kukhala chete kulingalira za moyo wawo. Dzuwa likamatuluka aliyense ankaponya pamoto chinthu chake chakale, n'kuyamba moyo watsopano. "Ndaona mabwana enieni akulira, mlongo, n'kunyamuka atapepuka ngati thonje."

Ndinafunsa kuti nkhuni za motowo ankatola ndani. Anati ankatola ndi iwo, n'kudzasesanso phulusa alendo akapita kukasamba madzi otentha. Ananena zimenezi monyadira.

Kenako anafika pamene pankapita nkhaniyo. "Iwe upite kwa mlamu wako ukamuitane. Abwere ndi chinthu chakale."

"Miyendo muli nayo, achimwene. Njinga nayi. Bwanji osapita nokha?"

"Mitima yathu ikumane pamalo oyera, osati pakhomo podzaza ndi zokumbukira."

Apo m'pamene ndinawamvetsa. Ankafuna kukhululukidwa osagwada. Kwathu kuno munthu ukalakwira banja umapita ndi ankhoswe, umakhala pansi, umamva mawu onse owawa mpaka eni ake atatopa, kenako m'pamene amakupatsa madzi. Iwo anapeza njira yachidule: khamu la anthu, moto, mawu okoma, ndipo mkazi wofatsa ngati mlamu wanga sangakane pagulu. Zina zonsezo, malalanje ndi kambale, zinali ndiwo zongotsagana.

Ndinapalasa njinga kupita kwa mlamu wanga. Ndinamupeza pabwalo akupuntha mpunga, mankhusu ali mbwee m'tsitsi. Mwana wake wachisamba uja analipo, tsopano bambo wa pabanja pake, wonyamula katundu wa amalonda pa njinga mpaka kumalire. Tinalonjerana, ndinamwa madzi, ndinanena zimene ananditumazo mwamanyazi ngati ndapeka ndine.

Mlamu wanga anatsamira pa ndodo yopunthira. "Zoti anabwera ndinamva. Anthu a m'sitima sasunga nkhani. Wati akubwera kudzakamba?"

"Ayi, mlamu. Akuti mubwere ndinu ku mwambo wa dzuwa."

"Dzuwa latani?"

"Akuti likutembenuka."

Mwana uja anaseka mopanda chimwemwe. "Azakhali, dzuwa latembenuka kangati iwo osatembenuka?"

Mayi ake anamuyang'ana. Kenako mlamu wanga anafunsa, "Wati chinthu chakale?"

"Eya. Choti muponye pamoto."

"Kamuuzeni ndibwera." Anaweramira mpunga wake, ndodo n'kuyambanso kugunda.

Achimwene atamva anawomba m'manja. Anayamba kuyendayenda pamsika kuitana anthu, nalonjeza tiyi wa mkaka ndi pau, buledi wa kwathu kuno, wopaka batala. Wophika tiyiyo ndinali ine, ndipo sanandifunse. Malo anasankha dambo la kuseri kwa sitasau, poti kum'mawa kwake kulibe mitengo, dzuwa lidzaoneke bwino potuluka.

Tsikulo kunacha ndi chiperoni. Mitambo inali itatsika mpaka pa nsonga za bango, kamvula kowaza kakulowa m'khosi, mphepo ikuluma makutu. Anthu anabwera ndithu, atadzikulunga m'makapulana, zitenje zathu zija, ndi m'mabulangeti. Anzanga a pamsika anabwera chifukwa cha tiyi. Akulu awiri a mpingo anabwera kudzaona ngati si zaufiti. Asodzi ena ochokera kumzikiti anaima chapatali, manja ali m'khwapa. Mlamu wanga sanaoneke.

Achimwene anatikhazika pa udzu wonyowa mozungulira moto umene unkangofuka. Anamenya kambale kaja.

"Tsinzinani. Kokani mpweya. Mverani bata limene lili mkati mwanu."

Tinatsinzina. Mkati mwanga munali njala ndi chisanu. Bata lija lisanakhazikike, kunatulukira sitima ya malasha, ija yaitali yosaoneka mchira, n'kuyamba kudutsa kumbuyo kwathu, gudu gudu gudu, nthaka ikunjenjemera. Ndinatsegula diso limodzi. Aliyense anali atatsegula diso limodzi, kuyang'ana ketulo. Achimwene okha ndi amene anatsinzinadi, milomo ikugwedera ndi kuzizira, poti malaya awo oyera aja anasokedwera kunyanja yotentha.

Sitima itatha anaimirira, nakweza manja kum'mawa. Kunalibe dzuwa. Kunalibe ngakhale kufiira. Kunali mtambo wotuwa ngati phulusa la dzulo. Tinadikira mpaka kunja kunayera kokha, monga kumachitira tsiku la chiperoni, osadziwa kuti kuwalako kwalowera pati.

"Lilipo," anatero achimwene. "Ngakhale sitikuliona, latembenuka."

Mayi wina wogulitsa mandasi ananong'ona, "Nalonso lamva kuti kuli mwambo, lagona dala."

Nthawi yowotcha zakale itakwana, anthu anatulutsa zimene anabwera nazo. Kwathu kuno chinthu chakale sichitayidwa chikadali ndi moyo, ndiye pamoto panagwa zinyalala zenizeni. Wina lichero lobooka, wina nsapato imodzi, wina neti ya udzudzu yong'ambika imene inatulutsa utsi wakuda mpaka tonse tinatsokomola. Mkulu wina wa asodzi aja anayandikira nafunsa mwaulemu, "Nanga nyamakazi ya m'mawondo muno ndiiponye bwanji, bambo?" Mayi wa mandasi uja anagwira mwamuna wake pamkono n'kumamukokera kumoto, akuti, "Chakale changa ndi ichi!" Anthu anaseka mpaka misozi, ngakhale akulu a mpingo aja.

Mkati mwa kusekako m'pamene mlamu wanga anafika, wapansi, atavala kapulana wa kutchalitchi. Kumbuyo kwake mwana wake ankakankha njinga, atamangirira pakaliyala mpando wa ndalema. Ndinauzindikira. Achimwene anaukhoma okha ali mkamwini watsopano, ndipo chichokereni iwo unkangokhala pakhonde, wopukutidwa, wopanda woukhalira. Ngakhale ine mlendo ankandipatsa mphasa.

Achimwene atawaona nkhope inawala. Anamenyanso kambale, anthu anakhala chete. Anatsegula thumba natulutsa jekete lofiirira, lothothoka m'zigongono, lomwe anavala tsiku limene ananyamuka kukagula malata. Analikweza m'mwamba kuti aliyense alione.

"Abale anga, munthu amene ankavala jekete ili anali wakhungu. Analakwira anthu, koma sankadziwa chimene ankachita, poti anali mumdima. Lero munthu ameneyo wafa. Zonse zimene anachita zapsa naye limodzi. Amene waima pamaso panuyu ndi watsopano, wabadwa ndi dzuwa la lero."

Analiponya pamoto. Kenako anatembenukira kwa mlamu wanga, natambasula manja onse awiri, akumwetulira ngati munthu amene wabwera ndi mphatso.

Mlamu wanga sanasunthe. Mawu ake ndi apansipansi, moti anthu anachita kuyandikira kuti amve.

"Bambo inu, mwati munthu wa jekete uja wafa?"

"Wafa, mayi. Wapita."

Anatembenukira ku gulu. "Mwamva nonse?"

"Tamva," anayankha angapo.

"Zikomo pondiuza. Zaka zonsezi ndimasowa chowauza anthu. Obwera kudzandifunsira ndimawabweza, ndikuti ndili ndi mwamuna. Akamathandiza amasiye kutchalitchi ine amandidumpha, akuti mwamuna wako ali moyo. Mwana wanga wamkazi ndinamuika m'manda ndekha, bambo ake akuti ali moyo. Lero ndamva kuchokera kwa munthu amene anali naye pafupi kuti anamwalira. Tsopano mtima wanga wakhala pansi."

Anakodola mwana wake. Iye anamasula mpando uja, ndipo awiriwo anaugwira uku ndi uku n'kuuika pamoto, pamwamba pa jekete. Matabwa ake anali ouma ndi zaka. Moto umene unkangofuka m'mawa wonse unayaka nthawi yomweyo, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo tinamva kutentha.

"Unali wa malemuwo," anatero mlamu wanga. "Mawa ndimeta. Inu atsopanonu sindikudziwani, koma zikomo chifukwa cha uthenga wa maliro."

Manja a achimwene anali akadali chitambasulire, osadziwa kobwerera. "Ayi, mayi a ana, simunandimve. Ndi fanizo chabe, ndimatanthauza kuti..."

"Akumvani," anatero mwana uja. "Ifenso takumvani. Pepani bambo, tiyi sitimwa, tili pa maliro."

Anatembenuza njinga, mayi ake anakhala pakaliyala, n'kumapita. Mayi wa mandasi anaika manja kumutu nayamba kulira maliro abodza, "Mayo ine, jekete lathu!" Ena anamuthandiza. Akulu a mpingo anagwirizana kuti si zaufiti, ndi zopusa chabe, napita kukaima pamzere wa tiyi. Pau anatha yense. Achimwene anatsala pafupi ndi moto, malaya oyera atanyowa n'kukakamira pathupi, mwaye wa neti ija uli pamphumi. Ine chisoni chinandifika pakhosi, koma sichinatsike mpaka mumtima.

Mlamu wanga anametadi, mpala weniweni. Patangopita masiku ochepa atsibweni ake anatumiza mawu kwa ankhoswe a kwathu, ndipo ukwati unathetsedwa monga mwa mwambo, pa mphasa, popanda phokoso. Achimwene sanapiteko. Anali chigonere ndi chifuwa chimene anachitola kudambo kuja. Ndinkawiritsa masamba a bulugama ndi mandimu n'kuwafunditsa bulangeti kuti apume nthunzi. Tsiku lina mawu anatuluka pansi pa bulangetilo.

"Anthu a kuno sanakonzeke, mlongo. Zinthu zimenezi ndi zapatali kwa iwo."

Ndinati, "Anthu a kuno ndi amene anakumba manda a amayi anu, achimwene. Pumani nthunzi."

Atachira, inakwana nthawi yolambula kumanda, monga timachitira chaka chilichonse zokolola zikalowa m'nkhokwe, moto wa tchire usanayambe. Mudzi wonse umapita ndi makasu. Sindinawafunse ngati akufuna. Ndinangowaikira khasu pakhomo pa kachipinda kawo, ndipo anatitsatira, atavala malaya akale a amuna anga.

Titalowa m'mitengo ya kumanda ndinatsalira pang'ono kulonjera anthu. Pobwera ndinapeza achimwene atagwada kale pa mtumbira wina waukulu, dzanja lili pachifuwa, akulankhula mokweza kuti oyandikana nawo amve. Ankati amayi sanapite kutali, ali mu mphepo, ali m'masamba, ndipo iwo akumva chikondi chawo chikukwera kuchokera m'nthaka imeneyi. Misozi inkatsika ndithu.

Ndinawagwira paphewa. "Achimwene, amenewo ndi manda a bambo uja ankagulitsa fodya wa chingambwe. Amayi ali uko."

Anakhala chogwada kwa kanthawi. Anthu awiri atatu amene anamva anayang'ana kumbali. Kenako anadzuka n'kunditsatira mpaka pa kamtumbira kakang'ono pansi pa mtengo wa msuku, kamene mvula inali itakaphwanya mbali imodzi. Apo anagwira khasu n'kuyamba kupala udzu. Manja awo anali atafewa ndi ntchito ya m'khitchini, ndipo posakhalitsa matuza anatuluka n'kuphulika, mpini n'kuyamba kufiira. Amuna anga anafuna kuwalanda khasulo, ine ndinawaletsa ndi maso. Anapala mpaka ponse panayera, nakokera dothi kukweza mbali yophwanyikayo, nalisindira ndi manja. Pobwerera kunyumba anayenda kumbuyo kwa onse.

Kutentha kusanayambe ananyamuka, nati apeza malo ku Cuamba. Ndikumva kuti mpaka pano ali komweko, akugulitsa masamba ouma a tiyi wamankhwala kwa oyendetsa magalimoto akuluakulu, ndipo amawalangiza za kapumidwe. Mlamu wanga tsitsi linamera, ndipo chaka chotsatira mpunga utalowa anakwatiwa ndi bambo wina wa ku Chiuta amene mkazi wake anamwalira. Ndinapita ku ukwatiwo, ndinavina mpaka msana unandiwawa sabata yonse. Ndimamutchabe mlamu, nayenso amanditcha chimodzimodzi.

Nkhani yomaliza ndinaimva kwa mwana wawo uja, atabwera kudzakonzetsa njinga kwa amuna anga. Anati tsiku lina m'mawa anapeza bambo ake ataima polowera m'mudzi, chipewa chili m'manja, akupempha kwa atsibweni kuti awalole kuona pamene panagona mwana wawo wamkazi. Akuluwo anakambirana, kenako analola, ndipo wowaperekeza anali iyeyo.

"Analankhula chiyani?" ndinafunsa.

"Palibe, azakhali. Anangofunsa ngati khanda lija linakhala ndi moyo. Ndinawauza kuti linatsatira mayi ake sabata yomweyo, lili pambali pakepo. Sankadziwa."

Pochokera kumandako anadutsa chapatali ndi nyumba, osalowa pabwalo. Mlamu wanga, ali pa mtondo, anawaona. Anatumiza mpongozi wake ndi chikho cha madzi ndi chinangwa chophika, monga amachitira ndi mlendo aliyense wodutsa. Madziwo achimwene anamwa, chinangwa anakulunga m'kapepala, n'kupita kumsewu kukadikira shapa, minibasi yathu ya kuno.